Gule wa mphindi zisanu safuna masitepe onse amene mumawadziwa

Funso: Ndine mnyamata wa ku Lizulu, ndimatsogolera gulu la ovina asanu ndi mmodzi, anyamata anayi ndi atsikana awiri. Timavina m'maukwati, makamaka amapiano ndi hip hop, ndipo masitepe ambiri timawatenga pa TikTok. Atiitana ku chionetsero cha achinyamata mu holo ina pa Dedza boma mwezi wa July, ndipo akuti gulu lililonse libwere ndi gule wopeka lokha wa mphindi zisanu. Talumikiza masitepe onse amene timawadziwa, taikamonso ngoma pang'ono poti kwathu ndi kwa Angoni, koma tikamaonetsa anzathu, ikangodutsa mphindi yachiwiri amayamba kuseweretsa mafoni. Tatsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Tikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, pamene mukulakwitsa mwapatchula nokha: mwalumikiza masitepe onse amene mumawadziwa. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Paukwati zimenezo zimayenda chifukwa anthu sanabwerere inu. Maso awo ali pa mkwatibwi, pa perekaniperekani, pa mbale ya mpunga, ndiye sitepe yotentha imene aiona mwa apo ndi apo amaikuwira n'kupitiriza zawo. Mu holo anthu akhala pansi, ayang'ana inu nokha. Munthu wotere amafuna chinthu choti azichilondola. Mukamampatsa chatsopano masekondi khumi aliwonse palibe chimene akudikira, ndipo wosadikira kanthu ndi amene amapisa m'thumba kufuna foni.

Tiyambe ndi masamu, poti ambiri sadziwa kutalika kwa mphindi zisanu. Nyimbo zambiri za amapiano zimagunda pafupifupi ka 112 pa mphindi. Ovina amawerenga kugundaku m'magulu a 8, chimene amangochitcha eyiti. Pa liwiro limeneli eyiti imodzi imatenga masekondi anayi ndi kanthu pang'ono, mphindi imodzi ili ndi maeyiti 14, ndipo mphindi zisanu zili ndi 70. Kavinidwe ka pa TikTok ka masekondi 15 mpaka 30 kali ndi maeyiti anayi mpaka asanu ndi awiri basi, ndipo amene anakapeka ankafuna kuti kaphulike pomwepo n'kutha. Kuti mudzaze mphindi zisanu ndi timagule totere mufunika khumi kapena makumi awiri, tonse tili pa mphamvu yofanana. Zili ngati munthu wolankhula mokuwa kuyambira pa moni mpaka pa tsalani bwino. Pofika pakati makutu amakhala atazolowera phokosolo.

Njira yake ndi yotembenuza: mutenge zochepa, muzigwiritse ntchito mpaka zitheretu. Pezani nkhani imodzi imene mungainene m'chiganizo chimodzi. Osati "moyo wa achinyamata m'Malawi", imeneyo ndi yaikulu ngati phiri la Dedza, simungaisenze m'mphindi zisanu. Inu mumakhala pa Lizulu, ndiye tsiku lina mukaime m'mphepete mwa msewu wa M1 muone zimene zimachitika basi ikaima. Ogulitsa amathamangira ku mawindo, amakweza mabeseni a kachewere ndi kabichi pamwamba pa mutu, amakankhana ndi mapewa popanda kuyang'anana, wina amatembenuka atamva basi ina ikubwera, basi ikanyamuka manja onse amatsika pang'onopang'ono. Pamenepo pali gule wathunthu, ndipo chiganizo chake n'chakuti: anthu asanu ndi mmodzi akulimbirana windo limodzi.

M'menemo tengani mayendedwe anayi okha: kuthamanga masitepe atatu n'kuima mwadzidzidzi, kukweza manja onse awiri ngati muli ndi katundu wolemera, kukankha ndi phewa, ndi kutsitsa manja mozengereza. Alumikizeni akwane maeyiti awiri. Imeneyi ndiye mbewu ya gule wanu. Musatengere beseni lenileni pa siteji, ndipo musamachite zisudzo ndi nkhope. Kulemera kwa katundu kuoneke m'msana ndi m'mawondo. Akangolowa wina ndi beseni n'kumakuwa mitengo ya kabichi, anthu aseka, ndipo kuyambira pamenepo akhala akuonera sewero.

Ntchito yeniyeni ya wopeka gule ili pa kusandutsa mbewuyo. Ivineni pa liwiro la nyimbo, kenako muichepetse liwiro ndi theka, kuti maeyiti awiri aja akhale anayi. Mudzaona kuti kukweza manja kumene kumaoneka ngati kutsatsa malonda kwasanduka kupempha. Ivineni mutagwada. Ivineni mutafulatira anthu. Yambirani kumapeto kubwerera kumayambiriro, manja atsike kaye asanakwere. Chotsani manja, mayendedwe onse achitike ndi mapewa ndi chifuwa chokha. Apa ndi pamene luso lanu la hip hop, kudula thupi mfundo ndi mfundo, lipeze ntchito. Siyani manja achite zomwezo koma miyendo ilowe m'masitepe a amapiano amene mumawadziwa kale. Mwaona kuti masitepe anu sitinawataye? Tangowapatsa chowalamulira. Sitepe imene ikukana kugwirizana ndi mbewuyo, ngakhale ikhale yokoma chotani, isungireni ukwati wa Loweruka.

Pali chinanso chimene magulu ambiri sachigwiritsa ntchito, ndicho chiwerengero chawo. Muli asanu ndi mmodzi, koma ndikukhulupirira kuti mumavina nonse pamodzi, mizere iwiri, nkhope kutsogolo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuvina mofanana nonse ndi chida champhamvu kwambiri chimene muli nacho, ndipo chikamaoneka nthawi zonse chimasukuluka. Chisungeni. Yesani kuti woyamba ayambe mbewu ija pa 1, wachiwiri pa 3, wachitatu pa 5, mayendedwe aziyenda mumzere ngati mphepo m'munda wa chimanga. Yesani asanu aime chilili, mmodzi yekha azivina. Maso onse apita kwa iyeyo popanda nyali yomuunikira. Yesani awiri kutsogolo kumanzere akuvina mofulumira, anayi kumbuyo kumanja akuvina zomwezo mochedwa. Ndipo atsikana awiriwo musawaike kumapeto kwa mzere ngati maluwa a pa tebulo. Pa Lizulu amene amasenza mabeseni ambiri ndi amayi. Ndikanakhala ine, pakati pa gule pakanaima mmodzi wa atsikanawo.

Maeyiti 70 aja mungawagawe chonchi, ngakhale si lamulo. Khumi oyamba aonetse mbewu momveka, mosathamanga, ndi munthu mmodzi kapena awiri, kuti oonera aidziwe nkhope. Makumi awiri otsatira alowetse ena onse, mbewu izisinthasintha, kukankhana kukule. Apa mwafika pa mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, malo enieni amene anzanu aja amatulutsira mafoni, choncho pamenepa pachitike chinthu chosintha mpweya m'holo: nyimbo idulidwe kutsale kupuma kwa ovina ndi kugunda kwa mapazi, kapena onse agwe pansi kutsale mmodzi. Gawo limeneli lipatseni maeyiti 14, mphindi yathunthu, ndipo musaliope. Opeka atsopano amaopa bata kuposa china chilichonse, amaganiza kuti anthu atopa, chonsecho ndi pamene anthu amaweramira kutsogolo. Makumi awiri enawo akwere pang'onopang'ono mpaka pamene nonse asanu ndi mmodzi muvine mbewu ija mofanana, kwa nthawi yoyamba, ndi mphamvu zonse. Asanu ndi limodzi otsalawo ndi otsekera. Salto, kudumpha kotembenuzika m'malere, imene mumaidalira ija, ngati ilipo, ichitike kamodzi, m'gawo lachinayi. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika: gulu loyamba ndi salto limakhala litagulitsa mbuzi yake yonenepa m'mawa, msika usanadzaze.

Tsopano za ngoma. Mwati mwaikamo pang'ono poti kwanu ndi kwa Angoni, ndipo ndikuganiza kuti mukutanthauza masekondi makumi awiri pamene nyimbo imasintha, wina n'kutola chishango, nonse n'kuponda pansi kangapo, kenako n'kubwerera ku amapiano. Chimenecho ndi chigamba, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu anthu amaidziwa ngoma, achiona msanga. Chofunika kutenga ku ngoma si chishango kapena zikopa, koma mmene thupi limagwirira ntchito. Taonani akuluakulu akamavina: bondo limakwera, pamakhala kachedwa pang'ono mwendo uli m'mwamba, ndiye phazi limatsika ndi kulemera kwa thupi lonse, mapazi a anthu ambiri n'kumveka ngati phazi limodzi. Kachedwa kameneko ndiye mtima wake. Amapiano amapita chopepuka, mapazi amaseweretsa pamwamba pa nthaka. Ngoma imalowa m'nthaka. Mukaika kuponda kwa ngoma pamene mbewu yanu imati "kuthamanga n'kuima mwadzidzidzi", ndiye kuti ngoma ili m'gule yense, osati m'kachigawo kake kokha, ndipo kulimbana kwa kupepuka ndi kulemera kukhala kukoma kwa gule wanu. Pezani mkulu wovina ngoma m'mudzi mwanu, mupite ndi kangachepe m'manja, mumupemphe akuphunzitseni masana awiri kapena atatu. Pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani, pamabwera magulu ambiri a ngoma. Wopeka gule wa ku Ntcheu amene sanakaimepo n'kuyang'anitsitsa mapazi akudzimana sukulu yaulere.

Zimenezi si zachilendo mu Africa muno. Germaine Acogny wa ku Senegal anamanga kaphunzitsidwe kake konse pa magule a makolo a kumadzulo kwa Africa, makamaka kayendedwe ka msana, ndipo sukulu yake ya École des Sables ku Toubab Dialaw imalandira ovina ochokera m'mayiko ambiri. Gregory Maqoma wa ku Soweto, amene anayambitsa Vuyani Dance Theatre mu 1999, amasakaniza za m'tauni ndi za makolo mosaoneka msoko. Mukapeza bandulo, onerani mavidiyo awo, osati kuti mukopere masitepe, koma muwerenge kuti chinthu chimodzi amakhala nacho nthawi yaitali bwanji asanachisiye.

Gule wamkulu yekha ndikuchenjezeni. UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma kuzindikirako sikunamuchotse m'manja mwa eni dambwe. Kuvala chigoba kapena kutsanzira chilombo pa siteji, pa Dedza penipeni, inu osalowa kapena osapempha kwa mafumu, ndi kuputa mlandu umene gulu la achinyamata silingaukwanitse. Wofuna kumvetsa tanthauzo la zilombo apite ku Mua, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaphunzire mwaulemu. Pa gule wanu wa July, zisiyeni.

Hip hop nayo ili ndi msampha wake. Inabadwira ku Bronx, mu mzinda wa New York, m'zaka za m'ma 1970, ndipo inkavinidwa pabwalo lozungulira, wovina mmodzi pakati kwa kanthawi kochepa, anzake atamuzinga, monga timachitira pa bwalo la kumudzi. Ngakhale breaking, umodzi mwa magule a hip hop, italowa m'masewero a Olympics ku Paris mu 2024 inali ya mmodzi kulimbana ndi mmodzi, mosinthana. Pa siteji oonera ali mbali imodzi yokha ndipo ena ali kutali mamita 15 kapena 20. Zala ndi nsidze zimene zimakoma pa foni sizifika kumbuyo kwa holo. Zapansi, zogona ndi zozungulira pamsana, sizioneka kwa amene akhala mzere wachisanu ngati siteji ili yofanana ndi pansi. Funsani msanga ngati siteji ndi yokwera. Ngati si yokwera, zapansi zichepe ndipo zichitikire chakumbuyo, poti zapafupi ndi mzere woyamba zimabisika ndi mitu ya anthu.

Nyimbo musazichulutse. Imodzi kapena ziwiri zakwana, zisanu ndi chisokonezo. Dulani ndi pulogalamu ya Audacity pa kompyuta kapena ya CapCut pa foni, ndipo muzidula pamene chiganizo cha nyimbo chathera, kawirikawiri pakatha maeyiti anayi, osati pakati pa mawu a woimba. Bata lija la pakati liikeni m'fayilo momwemo, mutaliyeza masekondi ake, kuti DJ asakhale ndi chodina china kupatula kuyambitsa. Kumayambiriro kwa fayilo siyani masekondi atatu opanda kanthu. Chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi ichi: amayeserera ndi kasipika ka foni, kamene sikatulutsa kugunda kwakuya kwa log drum, besi ya amapiano ija, ndiye makutu amazolowera kutsata timaseche ta pamwamba. Tsiku la chionetsero masipika akuluakulu amabweretsa kugunda kuja ngati bingu, denga la malata n'kumabweza mawu, ovina n'kutaya mawerengedwe. Bwerekani sipika yaikulu kosachepera katatu musanapite. Nyimbo ikhale pa mafulashi awiri, iliyonse ili ndi fayilo imodzi yokha yolembedwa dzina la gulu. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito foni, ilumikizeni ndi chingwe osati Bluetooth, ndipo muitseke kuti isalandire mafoni. Ngati pa Lizulu kapena pa Ntcheu boma pali mnyamata wopanga mabiti, kambiranani naye akupangireni yanuyanu ya mphindi zisanu. Idzatsata gule wanu m'malo moti gule azitsata nyimbo, komanso Facebook ndi YouTube sizidzakutsekerani mawu chifukwa cha umwini. Za chilolezo choimbira nyimbo za ena pagulu ndi za COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ndipo okonza chionetsero ndiwo ayenera kukhala atalongosola.

Kenako pansi pamene mudzavinepo. Maholo athu ambiri ndi a simenti, ndipo simenti sibweza kanthu: mphamvu yonse imene mwaponda nayo imabwerera m'kakolo, m'msongolo ndi m'bondo. Ngoma anaipangira dothi. Pa simenti pondani ndi phazi lonse, bondo lili lopinda, mphamvu ikhale theka la imene mungaponde nayo pabwalo, ndipo phokoso lichokere ku manjerenjeza a m'miyendo. Poyeserera, kudumpha ndi kuponda kwamphamvu muzichita kawiri kapena katatu kokha pa tsiku, maulendo enawo muzingosonyeza. Wovina akayamba kumva kuwawa kutsogolo kwa msongolo kumene sikukutha akapuma, kapena bondo likatupa, apume ndipo akaonedwe kuchipatala. Kulimbira kumasandutsa vuto la sabata imodzi kukhala la miyezi. Ogwada avale zotchinga mawondo, ngakhale masokosi okhuthala odula kumapazi amathandiza. Ngati pansi apaka polishi wofiira, nsapato zimatsetsereka. Pemphani akolope ndi madzi okha, paume, ndipo muyese ndi nsapato zomwe mudzavale. Siteji ya matabwa iyenderenipo ndi manja kufufuza misomali ndi matabwa ogwedera. Anthu asanu ndi mmodzi otambasula manja amafuna malo osachepera mamita 6 m'lifupi ndi 4 kulowa m'kati. Funsani muyeso wa siteji ya ku Dedza, muujambule ndi choko pamene mumayeserera, ndipo wotuluka kunja kwa mzere adziwe kuti wagwa.

Musaiwale kuti mukupita ku Dedza mu July. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo inu a ku Lizulu chisanu chake mukuchidziwa. Minofu yozizira ndi imene imakokeka. Tenthetsani thupi mphindi 20: kuthamanga pamalo amodzi, kuzunguza mfundo kuyambira m'mapazi mpaka m'khosi, ndiye mbewu yanu ija mochedwa. Kukoka minofu mutakhala pansi kudikire mpaka mutamaliza kuvina. Zionetsero zathu sizisunga nthawi, mutha kuuzidwa 2 koloko n'kuitanidwa 5 koloko, choncho majuzi asavulidwe mpaka gulu la patsogolo panu litakwera, ndipo mutenthetsenso thupi pang'ono likamavina gululo.

Masabata asanu ndi limodzi akukwanirani mukamakumana katatu pa sabata, maola awiri: ndi maulendo 18, maola 36. Masabata awiri oyamba ndi opanga mbewu ndi kuisandutsa, ndipo apa musapeke nokha. Uzani aliyense abweretse kasinthidwe kake ka mbewuyo, inu musankhe. Sabata lachitatu ndi lachinayi ndi losanja magawo. Likatha lachinayi tsekani chitseko, sitepe yatsopano isalowenso ngakhale itatchuka chotani pa TikTok sabata limenelo. Lachisanu ndi loyeretsa: eyiti imodzi imodzi, popanda nyimbo, wina akuwomba m'manja, mpaka zigongono zonse zili pa msinkhu umodzi ndipo mitu ikutembenuka pa nambala imodzi. Lomaliza muzivina gule yense kawiri pa tsiku mutavala zovala zake. Konzaninso mmene mungavinire muli asanu, chifukwa maliro ndi malungo sizipangana ndi munthu.

Kalilole wamkulu mulibe, koma foni muli nayo. Iikeni pa mpando chopingasa, kutali, ijambule siteji yonse osasuntha. Vidiyoyo muionere mutatseka mawu. Gule amene akukoma chifukwa cha nyimbo yokha amaonekera pamenepo, ndipo malo amene inu mwini mwafuna kudumphitsa ndi amene ayenera kudulidwa. Pakutha pa sabata lachinayi itanani anthu atatu osavina, mmodzi akhale wachikulire, ndipo musawafunse ngati zakoma, adzangoti zakoma. Afunseni chimene aona, pamene maganizo awo anachoka, ndi chimene akuchikumbukirabe. Onse atatu akatchula malo amodzi, vuto lili pomwepo. Vidiyo yomalizayo muisunge ndi tsiku lake, ndipo mugwirizane pagulu, molemba, kuti wopeka ndani, othandiza ndani, ndalama zikabwera zigawidwa bwanji. Ndi vidiyo yomweyo, yosadulidwadulidwa, imene mungatumize kwa okonza zikondwerero monga Tumaini ya ku Dzaleka, imene inayamba mu 2014 ndipo imapereka malo kwa magulu ovina.

Potseka gule, pewani chizolowezi choti nonse muunjikane pakati, wina akwere pamapewa, muloze kumwamba nyimbo n'kuphulika. Magulu ambiri tsiku limenelo atseka choncho. Bwererani ku mbewu yanu. Basi yanyamuka, asanu atembenuka kuchoka, mtsikana uja watsala yekha manja ali m'mwamba, ndipo akuwatsitsa kwa maeyiti anayi athunthu nyimbo itatha kale. Manja akafika pansi awerenge mumtima mpaka 5 asanasunthe, kuti anthu adziwe kuti zatha. DJ ndi woyendetsa mwambo muwauziretu, ndipo muwalembere papepala, kuti asalankhule kapena kuika nyimbo ina mpaka mtsikanayo ataweramitsa mutu. Akapanda kuuzidwa, nyimbo ikangoti zii adzalanda maikolofoni n'kuyamba kuitanitsa m'manja manja a mtsikanayo akadali pamapewa.